Mizere Iwiri Pansi pa Deti

— Halo?

— Halo, Azakhali, mukundimva?

— Ndikumva mphepo ndi magalimoto. Munthu sindinamumve.

— Ndine, Azakhali. Mwana wa achimwene anu.

— Eya, tsopano mawu afika. Dikira ndichoke pabalaza pano. Netiweki ya m'nyumba muno imakhala pa zenera la kuchipinda, ngati mphaka. Chabwino, lankhula. Waswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya inu?

— Ndaswera. Pa msinkhu wanga kuswera ndi ntchito yokwanira tsiku lonse.

— Mawondo aja?

— Ali m'malo mwake, akungokana kulamulidwa. Dzanja ndiye likunjenjemerabe. Dzulo theka la tiyi lamwedwa ndi nsalu ya patebulo. Bambo ako ali bwanji?

— Ali bwino. Ndinawaona Lamlungu. Akuti mwasowa, simukuwayimbira.

— Foni yawo inachoka mabatani? Wamkulu ndine. Nanga amayi ako?

— Shuga watsika, akuyenda bwinobwino.

— Tithokoze. Koma iwe ukulankhula ngati munthu amene watula katundu pamutu. Uli kuti?

— Pa masitepe akuseri kwa labotale. Ndi nthawi ya nkhomaliro.

— Wadya?

— Ndidya.

— Ndiye kuti sunadye. Phukusi lafika?

— Lafika dzulo madzulo. Zikomo kwambiri, Azakhali.

— Jekete lakukwana? Ndinamuuza telala kuti mapewa akhale owongoka. Munthu wokaima m'khoti koyamba, ngati mboni yaukatswiri, sangapite atavala ngati wokagula tomato.

— Lakwana. Manja okha atalika pang'ono.

— Upinde. Ukadali kukula. Ndi Lachinayi lomweli, si choncho?

— Lachinayi lomweli.

— Amayi ako aang'ono anadutsa kuno sabata yatha. Anandifunsa ngati ukadali kung'amba mitembo.

— Ndiwauze kangati? Ine mtembo ndinauona kawiri kokha, chaka chachitatu, ndipo kachiwiriko ndinakomoka.

— Ndinawafotokozera mwaulemu kuti sayansi yofufuza milandu ili ndi makomo ambiri. Ena amapima magazi, ena zidindo za zala, ena zipolopolo, ndipo wathuyu amapima zolembalemba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Komabe akabwera asakhudze mbale."

— Asiyeni. Mwina akanakhala mitembo bwenzi zili bwino. Mtembo sudikira lipoti langa kuti utuluke m'ndende.

— Mawu amenewo ndi a munthu wotopa. Zaka zinayi za ku yunivesite, ziwiri zokhala pakhomo ukuyembekeza ntchito, ndiye lero watopa usanayambe?

— Tinamaliza anthu makumi awiri ndi mmodzi, Azakhali. Asanu analowa upolisi. Wina ali ku kampani ya inshulansi, akujambula magalimoto ophwanyika. Uja ankatiposa tonse pa kemisitiri akugulitsa mafoni pa depoti. Amene tinalowa mu labotale yeniyeni ndife awiri basi, ndipo mnzangayo anapita kunja. Ndikudziwa kuti ndili ndi mwayi. Aliyense amandikumbutsa.

— Miyezi yoyesedwa yatsala ingati?

— Iwiri. Kenako kalata yondikhazika pa ntchito.

— Ndiye pirira miyezi iwiri. Kodi wandiyimbira masana ano kuti undiwerengere anzako?

— Ayi. Ndili ndi funso, ndipo mayunitsi ndi ochepa. Adiresi ya pa phukusi lija analemba ndani?

— Telala yemweyo. Dzanja langali silingathenso kuwongola mzere. Walakwitsa china?

— Sanalakwitse. Anaphunzira kuti?

— Funso lotani limenelo? Kwa ine. Mayi ameneyo ndinamulandira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akulira mamina ali mbwee.

— Chilembo cha g amachikhotetsera mchira kumanja, m'malo mwa kumanzere.

— Inde.

— Eyiti amalemba timipira tiwiri, kena pamwamba pa kanzake.

— Koyamba kam'munsi, kenako kam'mwamba. Nyumba imayambira pa maziko.

— Ndipo t amayamba ndi kamzere kopingasa.

— Waona bwino. Ndalama za fizi sizinapite pachabe.

— Ndi iye yekha amene amalemba chonchi?

— Yekha? Mwanawe, ukundinyoza osadziwa. Ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu imodzi zaka makumi atatu ndi zinayi. Masamu ndinagawira ena, Chingerezi ndinagawira ena, koma phunziro la kalembedwe sindinalipereke kwa munthu. Mphindi makumi awiri m'mawa uliwonse, kalasi ndi kalasi, ine pa bolodi, choko kudzanja ili, rula kudzanja ilo. Mpata wa zala ziwiri kumanzere kwa pepala. Deti pamwamba kumanja, mizere iwiri pansi pake. Ochonga mayeso a boma ankangoona pepala n'kunena kuti, "Uyu ndi wa mayi uja." Dzina la sukulu sankaliwerenga n'komwe.

— Koma makalata amene munkandilembera ndili ku koleji sanali otero.

— Akuluakulu ndimawalembera zolumikiza. Zimene ukunenazo ndi za pa bolodi, za ana. Iwe unakulira m'tauni, unaphunzitsidwa ndi anthu olekerera, n'chifukwa chake umalemba ngati nkhuku yapalasa.

— Ana angati, Azakhali?

— Ati?

— Amene anadutsa m'manja mwanu.

— Zikwi ziwiri. Mwina kuposa.

— Mayo ine.

— Halo? Wati chiyani?

— Ndati mayo.

— Lankhula zomveka. Ine zong'ung'udza sindinazilolepo.

— Sindiloledwa kukamba za mlandu ndi munthu wakunja. Tinalumbira.

— Ndiye usakambe.

— Sinditchula dzina. Mungomva. Miyezi isanu yapitayo apolisi anabweretsa kalata. Yopanda dzina, yolembedwa pamanja, yoopseza kuti nyumba ina yosungira katundu ipsa. Patapita masiku atatu inapsadi, ndipo mlonda anavulala. Anagwira munthu wina amene anakanganapo ndi eni nyumbayo. Palibe anamuona, palibe zidindo za zala, palibe chilichonse. Panali kalata yokhayo. Anandipatsa ine kuti ndiyerekeze ndi zolemba zake.

— Pitiriza.

— Ndinakhala nayo masabata awiri pa mayikulosikopu. Ndinapeza zinthu zisanu ndi zinayi zofanana, zachilendo zonse. Mchira wa g. Eyiti wa timipira. Kamzere ka t. Ndinafufuza m'mafayilo a zitsanzo a mu ofesi mwathu, osapezamo munthu wina wolemba chotero. Ndinalemba lipoti kuti umboni ndi wamphamvu kuti dzanja ndi limodzi. Abwana anawerenga, anasayina pansi panga, anandigwira chanza.

— Kalatayo inali ndi deti?

— Inali nayo.

— Munthu akuopseza kutentha nyumba, koma walemba deti?

— Pamwamba kumanja.

— Mizere?

— Iwiri.

— Ndi rula?

— Ndi rula, Azakhali.

— ...

— Halo? Mwaduka?

— Ndilipo. Ndakhala pa bedi. Wolemba ameneyo ndi wa m'kalasi mwanga.

— Dzulo nditalandira phukusi kwa kondakitala ndinaima pa depoti pomwepo ngati chitsa. Ndinaona kalata ija yathunthu pa adiresi yanga. Ndinadzifunsa kuti kodi telala wa Azakhali ndi amene anatentha nyumba?

— Usanene zopusa. Mayi ameneyo amaopa ngakhale nsimbi yamakala.

— Ndikudziwa. Ndicho ndikunena. Ku yunivesite anatiphunzitsa chaka chachiwiri: pali zimene dzanja linapatsidwa kusukulu, pali zimene linadzipezera lokha. Zoyambazo sizilozera munthu, zimalozera kalasi. Ndinakhoza funso limenelo pa mayeso. Koma mabuku athu onse anali akunja, zitsanzo za masukulu akunja. Palibe anandiuza kuti kuli mayi wina, kumapeto kwa msewu wafumbi, amene anapanga kalembedwe kakekake n'kukadinda pa ana zikwi ziwiri. Zisanu ndi zinayi zija ndinaziyesa za munthuyo. Zonse ndi zanu.

— Lachinayi, wati?

— Lachinayi.

— Mkazi wa kalipentala wa kuno, uja anamangidwa pa nkhani ya moto, anabwera dzana kudzabwereka chikwama changa chapaulendo. Akukwera basi Lachitatu.

— Azakhali, sindinatchule munthu.

— Sunatchule. Ndatchula ndine. Kuno nkhani imeneyi inatha kalekale. Anthu amati katswiri wa ku likulu anapima ndi makina, anatsimikiza. Inenso ndinanena pamaso pa anthu kuti sayansi sinama, popeza ndili ndi mwana amene anaiphunzira. Mkazi wakeyo ndinamupatsa chikwama, koma mpando sindinamupatse.

— Katswiriyo ndine.

— Ndamva.

— Miyezi isanu ali pa limandi chifukwa cha masamba anayi amene ndinalemba.

— Ndiye kuti sanalembe ndi iye?

— Sindikudziwa. Mwina analemba, mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine sindingathenso kunena. Ndiyenera kuyambiranso, kuchotsa zonse za kusukulu, n'kuona chimene chatsala. Mwina sipatsala kanthu.

— Koma wolembayo, kaya ndi ndani, anakhala pa benchi langa.

— Zikuoneka choncho.

— Ndinamuphunzitsa kugwira rula, koma osamuphunzitsa kuopa moto. Chabwino. Abwana ako wawauza?

— M'mawa uno. Ndinapita ndi pepala la phukusi lija.

— Anati chiyani?

— Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka chitseko. Akuti adiresi imodzi si umboni. Akuti lipoti linapita kale kwa loya wa boma, ndipo siginecha yawo ili pamenepo. Ndikalibweza, maloya ayamba kufukula malipoti onse a ofesi yathu, ngakhale olondola. Sanakalipe ayi. Anangoti ndiganize mofatsa, popeza kalata yondikhazika pa ntchito ija ili m'dirowa yawo.

— Anakuopseza.

— Anandikumbutsa. Nawonso atopa, Azakhali. Ofesi yonse tili anthu atatu, mafayilo afika pa zenera.

— Ndiye kwa ine ukufuna chiyani?

— Ndili mwana ndinaona bokosi lachitsulo pansi pa bedi lanu. Munandimenya dzanja nditalitsegula.

— Ndikukumbukira.

— Munali makope.

— Kope lomaliza la mwana aliyense womaliza sukulu. Ankandisiyira tsiku lotsanzikana, dzina ndi chaka pachikuto.

— Nditakhala ndi makope makumi atatu, a anthu osiyanasiyana, a zaka zosiyana, pamodzi ndi mawu anu olumbira kuti munkaphunzitsa chotero, palibe anganene kuti ndi adiresi imodzi. Abwana sangakane, woweruza sangakane.

— Ndipo iwe udzaimirira, utavala jekete langa, n'kunena kuti, "Ndinalakwitsa."

— Tsiku langa loyamba m'khoti.

— Pamaso pa maloya amene udzakumane nawo moyo wako wonse.

— Ngati sandichotsa ntchito. Loya aliyense azidzayamba ndi funso lomwelo: "Kodi si inu munalakwitsa pa mlandu uja?"

— Hmm.

— Ndinene zoona, Azakhali? Sindinagone. Poyimba foniyi ndimapemphera kuti mundiuze kuti makope aja anadyedwa ndi chiswe. Ndikanati ndinayesa. Ndikanapita Lachinayi, kuwerenga lipoti langa, kubwerera kunyumba, kugona. Ndatopa. Ndatopa ndi kukhala mwana amene banja lonse linamuika pamutu.

— ...

— Halo? Azakhali? Netiweki kodi?

— Si netiweki. Ndikuganiza. Kuganiza kulibe phokoso.

— Mayunitsi...

— Adikire. Mvera. Ndikadafuna kukunamiza, mpata ndi uno. Palibe munthu wamoyo amene anaona m'kati mwa bokosi limenelo, kupatula iwe. Ndinagulitsa makina anga osokera kuti ulowe chaka choyamba, ndipo sindikufuna kukuona ukugulitsa mafoni pa depoti. Usaganize kuti mtima wanga ndi mwala chifukwa nkhope ndi yotero.

— Sindinaganizepo choncho.

— Unaganiza. Nonse mumaganiza. Tsono ndikuuze chimene sindinauzepo bambo ako. Woyendera masukulu anabwera kawiri. Kachiwiriko anandilembera kalata kuti ndileke. Anati ndiphunzitse zilembo monga zilili m'buku la boma, ndipo ndilole dzanja la mwana aliyense lipeze njira yake. Ine ndinali ndi digiri, iye analibe. Kalatayo ndinaipinda kanayi n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo langa, limene linkagwedera. Inakhala pamenepo mpaka ndinapuma ntchito.

— Azakhali...

— Sindinathe. Kalipentala uja anabadwa wamanzere. Mpaka lero amapala matabwa ndi lamanzere, amakhoma ndi lamanzere. Kulemba kokha ndiye amalemba ndi lamanja. Zinanditengera miyezi isanu ndi rula imodzi yothyoka. Akanalemba ndi dzanja lake, bwenzi zilembo zake zili zake, zoipa kapena zabwino, ndipo iwe ukanaona kusiyana tsiku loyamba. Dzanja limene lamumangitsalo anapatsidwa ndi ine.

— Wolakwitsa lipoti ndine, si inu.

— Usandilande gawo langa. Lako likukwanira.

— Ndiye makope alipo?

— Chiswe chimandidziwa. Alipo onse.

— Eee.

— Wausa moyo ngati wamva za maliro.

— Sindikudziwa ngati ndasangalala kapena ayi.

— Sikofunika kudziwa. Ndikufunse. Mu labotale mwanumo, munthu akalakwitsa polemba m'buku la ntchito, amatani?

— Sitifufuta. N'zoletsedwa. Umadula mzere umodzi pa cholakwikacho, kuti chiziwerengekabe, n'kulemba cholondola pambali, n'kusayina.

— Anakuphunzitsa zimenezo ku yunivesite?

— Sabata yoyamba.

— Anachedwa. M'kalasi mwanga labala sankalowa. Ndinkawalanda pakhomo, ndinadzaza nawo chitini. Mzere umodzi, cholondola pamwamba, ndipo aliyense aone kuti apa munthu anagwa n'kudzuka. Pa zonse zimene ndinakakamiza ana aja, chimenecho chokha sindichita nacho manyazi.

— Ndiye muwatumize pa basi ya mawa? Koma mverani, pali ndondomeko yake. Musasankhe okongola okha.

— Onse ndi okongola.

— Azakhali, chonde. Musasankhe, musachotse tsamba, musalembemo kanthu. Potsegula bokosi pakhale munthu wina woona, alembe tsiku ndi nthawi, asayine. Apo ayi adzati tinawapanga dzulo.

— Ndiitana telala. Deti ailemba bwino, usade nkhawa. Koma kondakitala sindimupatsa. Zaka makumi atatu ndi zinayi sizikwera pa denga la basi pamodzi ndi nkhuku. Ndibwera nawo ndekha.

— Ndi mawondo amenewo? Ndi ulendo wa maola asanu ndi awiri.

— Wati pakufunika mawu anga olumbira. Ndidzalumbira ndili chiimire, pamaso pa woweruza, osati pa pepala. Akandifunsa za kalata ya woyendera masukulu ndidzayankha. Akapanda kufunsa ndidzanena ndekha.

— Adzakuchititsani manyazi. Maloya alibe ulemu ndi imvi.

— Ndinaphunzitsapo maloya awiri. Ndikudziwa mmene amalirira. Ndikwera Lachitatu, basi imodzi ndi mkazi wa kalipentala. Ndili naye ngongole ya mpando.

— Musamuuze kanthu, Azakhali. Mlandu usanafike m'khoti...

— Ndikhala naye pafupi, basi. Kukhala pafupi si kulankhula. Iwe undidikire pa depoti ndi munthu wamphamvu, bokosilo ndi lolemera.

— Nanga abwana?

— Ubwerere kwa iwo nkhomaliro ikatha. Osati m'khonde, osati monong'ona. Ulembe pa pepala, uwapatse m'manja, usunge lako. Uwauze kuti makope akubwera Lachitatu ndi mwini wake. Uwapatse mpata woti asayine pansi pako kachiwiri. Mwina ndi munthu wabwino amene wangochita mantha.

— Akakana?

— Upita wekha.

— Akandichotsa ntchito?

— Sindikulonjeza kuti sakuchotsa. Sindinanamizepo mwana, sindiyamba lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti iwe ukachotsedwa ukagona kwa amayi ako. Mnzathu uja akagona kumene wagona miyezi isanu, ndipo zikhala zaka.

— Ndamva.

— Jekete uvale.

— Ndimati mwina ndilisunge, lidikire tsiku labwino.

— Ndinamuuza telala kuti asokere munthu wokanena zoona m'khoti. Sindinamuuze kuti zoonazo zidzakhala zokoma. Uvale, upinde manja.

— Azakhali, foni yalira. Yatsala mphindi imodzi.

— Ndiye tamvana. Pita ukadye kaye, munthu wanjala amalemba zopepesa zambiri. Usapepese kawiri. Unene chimene unalemba, chimene waona, ndi chimene sungathenso kunena. Bambo ako usawauze, ndiwauza ndekha.

— Muwayimbira?

— Ndati ndiwauza. Yamba tsopano. Pepala loyera, deti pamwamba.

— Mizere iwiri pansi?

— Ayi. Ulembe monga dzanja lako lifunira.

— Azakhali, mwati chiyani? Mawu anaduka.

— Wamva. Sindibwereza. Lachitatu, pa depo...

— Halo? Azakhali? Halo?